Timabotolo Tinayi pa Bondo la Yavor

1

Ndiyambe ndi kuvomera. Ine Nevena, namwino wa m'chipinda cha opaleshoni kwa zaka khumi ndi chimodzi, munthu amene sindinaiwalepo ngakhale kansalu kamodzi m'mimba mwa wodwala, ndinachita chinthu chopusa zedi chifukwa cha mwamuna wonunkhira maluwa. Kuchita chinthucho sikunanditengere ngakhale mphindi ziwiri, koma kuchilira kunandidyera miyezi isanu ndi iwiri.

Mwamunayo ndi Yavor. Amagwira ntchito pafakitale yotcheza mafuta a maluwa a rozi m'tauni yathu ya m'munsi mwa phiri, ndipo fungolo silimuchoka ngakhale asambe katatu. Ndi chimunthu chachitali, chandevu, mawu ake okhuthala, koma akakudutsa umatembenuka kuti uone mkwatibwi.

Vuto linali limodzi. Zaka zinayi m'mbuyomo Yavor anali bwenzi la mkulu wanga Radostina. Kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike, Radostina anakwera basi ya ku Spain ndi dokotala wina wa mano, osatsanzika aliyense. Wothawa anali mwana wawo, koma amayi anga anaweruza kuti wolakwa ndi Yavor, ati mwamuna wanzeru akanamugwira mwendo. Amayi anali atawotcha tsabola masiku asanu ndi limodzi kukonza lyutenitsa ya paukwatipo, tsabola wosinja wopaka pabuledi, mabotolo mazana awiri, ndipo tinaidya zaka zitatu. Botolo lililonse likamatsegulidwa, Yavor ankatukwanidwa. Dzina lake linaletsedwa m'nyumba mwathu. Ankangotchedwa "uja".

Ndiye ine, mwana womvera wa pakhomopo, ndinakagwa m'chikondi ndi uja. Tinakhala mpando umodzi m'basi yochokera kumzinda wa Plovdiv tsiku lina lamvula, iye n'kundinyemera theka la banitsa yake, chitumbuwa cha tchizi, osandifunsa ngati ndili ndi njala. Pofika kwathu ndinali nditaiwala mabotolo onse mazana awiri. Chibwenzi chathu tinachibisa chaka chathunthu. Tinkakumana kuseri kwa fakitale, pamulu wa maluwa otcheza kale. Tikapezana pamsika ndinkamupatsa moni wozizira, amayi n'kundiyamikira, ine n'kukasekera kuseri kwa galimoto ya mbatata. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, koma ndinkachita zinthu ngati wa sekondale, ndipo zinkandikoma koopsa.

2

Pa 6 Januwale, tsiku la Yordanovden lokumbukira ubatizo wa Ambuye, wansembe akaponya mtanda mumtsinje, amuna a m'tauni yathu amalowa m'madzi oundana atagwirana mapewa n'kuvina gule wa horo mpaka milomo itasanduka yabuluu. Akazife timaima pamlatho ndi mabulangete n'kumati ndi misala, uku aliyense akusuzumira kuti wake ali pati. Bambo ake a Yavor anatsogolera guleyo ndi mbendera zaka makumi awiri ndi zitatu. Chaka chimenecho analengeza ali m'madzi momwemo kuti n'komaliza, chaka chamawa mbendera idzagwidwa ndi mwana wawo. Sipanathe mphindi zisanu, Yavor anaponda mwala woterera, bondo lakumanja n'kupotoka.

"Uja wagwa," anatero amayi, amene anaima pambali panga.

"Ndani?" ndinafunsa ine, mtima utandithawa kalekale.

Mtsempha wa m'kati mwa bondo unali utaduka. Opaleshoni anaiika kumayambiriro kwa Epulo pachipatala chimene ndimagwira ntchito ku Plovdiv. Woichita anali Dokotala Balabanova, mayi wamfupi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene anthu amati anaseka komaliza boma lakale lisanagwe. Anamuuza Yavor kuti akamvera malamulo, miyezi isanu ndi inayi ikwana kuti abwerere mumtsinje. Kuchokera Epulo kukafika Januwale inali miyezi isanu ndi inayi ndendende, popanda ngakhale sabata yapadera.

Lamulo la pachipatala limati namwino salowa mu opaleshoni ya m'bale wake kapena ya wokondedwa wake. Koma ine wokondedwa ndinamutenga kuti? Chipatala chonse chinkadziwa kuti Nevena ndi mbeta youma mtima. Nditaona dzina langa pandandanda wa tsikulo ndinangoti zii, koma mumtima ndinavina.

Opaleshoni imeneyi ndi yosavuta kufotokoza. Dokotala amachotsa mtsempha wina kuseri kwa ntchafu ya wodwalayo, amaupinda n'kupanga kachingwe, kenako amakalowetsa m'bondo m'malo mwa woduka uja. Kachingweko kasanalowe timakakulunga m'kansalu konyowetsedwa ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa vankomaisini, kuti bondo lisadzachite mafinya. Muyezo wake ndi kabotolo kamodzi ka ufa m'kathumba kamodzi ka madzi amchere a diripi. Wosakaniza tsiku limenelo ndinali ine.

Sabata imodzi m'mbuyomo tinali titalandira wosewera mpira wina amene bondo lake linalowa tizilombo atachitidwa opaleshoni kwina. Tinalitsegula n'kulitsuka katatu, ndipo mpira anausiya. Nkhope ya munthu ameneyo inali isanandichoke m'maso.

Muyeneranso kudziwa nyumba imene ndinakulira. Amayi anga akakukonda, pansi pa mbale yako sipaoneka. Mlendo wamba amamuikira chipande chimodzi. Wapamtima amamuikira zinayi, ndipo akayerekeza kunena kuti zakwana, amayi amautenga ngati mwano. Ine ndinkawaseka khalidwe limeneli, osadziwa kuti ndinaliyamwa.

Ndinatsegula kabotolo koyamba. Ndinayang'ana Yavor ali gone patebulo, atabayidwa jekeseni ya pamsana ndi ina yomugonetsa pang'ono, ndevu zake zitayanzika pansi pa kachipewa ka pepala. Kamodzi kokha? Kabotolo kamodzi n'ka munthu wosamudziwa. Ndinatsegula kachiwiri, kachitatu, kachinayi, n'kuthira tonse m'kathumba komwe kaja. Madziwo sanasinthe mtundu. Ndinawakhuthulira m'kambale ka namwino mnzanga Ginka, amene maso ake anali pa zida zimene ankayala, ndipo timabotolo topanda kanthu ndinatiponya mu bini. Ndinamva bwino mumtima ngati ndamuphikira.

Dokotala analowa atasamba kale, manja ali m'mwamba, n'kuzungulira chipinda chonse monga amachitira nthawi zonse, kusuzumira ngodya iliyonse ngati apongozi obwera mosayembekezeka. Ntchito inayamba. Atachotsa mtsempha wa kuntchafu uja, analankhula osandiyang'ana n'komwe.

"Sisita Nevena, pitani ku sitolo ya kunsi mukanditengere kamsomali komangira kachingwe pafupa, ka nambala naini."

"Tili nato muno, adokotala. Titatu."

"Ndati ka kunsi."

Sitolo ya kunsi ili nsanjika zitatu pansi. Chikepe chinali chitafa, wosunga makiyi anali atapita kukadya, ndipo atabwera anayamba kundiuza za msana wake. Ndinabwerera patatha theka la ola, thukuta lili kamukamu. Ndinapeza kachingwe kali kale m'bondo, Ginka akuyang'ana kudenga, ndipo dokotala wogonetsa odwala akupukuta misozi ndi phewa. Kamsomali kanga sanakagwiritse ntchito. Tsiku lonse ndinali wokwiya kuti mayi ameneyu wandimanitsa mbali yokoma ya opaleshoni.

3

Mwezi uliwonse Dokotala Balabanova amatisonkhanitsa m'kachipinda kophunzirira, n'kutimwetsa khofi woipa uku akutiphunzitsa. Mu Meyi anatseka makatani n'kuonetsa chithunzi pakhoma, chodzaza ndi timadontho tobiriwira. Anati timeneti ndi maselo amoyo a chicherewechere, kachikuta koyera kosalala kamene kamaphimba nsonga za mafupa m'bondo kuti asamakhulane. Ofufuza anali atawanyika m'vankomaisini wa muyezo wathu uja, ndipo anali bwinobwino. Kenako anasintha chithunzi. Timadontho tambiri tinali tofiira.

"Awa anawanyika m'mankhwala omwewo, koma ochita kuwonjeza mphamvu," anatero. "Ofiirawa ndi akufa. Khungu likang'ambika limapola. Fupa likathyoka limalumikizana. Chicherewechere chilibe magazi, chikafa ndiye chafa. Munthu amayenda bwino miyezi ingapo, kenako bondo limayamba kutupa ndi kulira, pamapeto pake fupa limakhula fupa linzake."

Wina anafunsa kuti malire ake enieni ali pati. Anayankha kuti ofufuzawo akukanganabe za malirewo, ndipo n'chifukwa chake muyezo sitisewera nawo.

"Kabotolo kamodzi," anatero akuyang'ana m'kapu yake. "Osati tiwiri. Osati, tinene kuti, tinayi."

Bisiketi imene inali m'manja ndinaibweza m'mbale. Ndinadziuza kuti nambalayo yangowabwerera. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkaudziwa muyezo umenewu, koma sindinafunsepo chifukwa chake. Ndinkangoti mankhwala opha tizilombo amapha tizilombo basi, ndipo akachuluka ndiye kuti tizilombo tifa kwambiri. Tsopano ndikatseka maso ndinkaona timadontho tofiira titadzaza m'bondo la Yavor, bondo loyenera kunyamula mbendera ya bambo ake.

Ndikanatha kuimirira pomwepo n'kuulula. Koma kuulula kunali kutaya ntchito, kutaya Yavor, ndi kuwauza amayi za uja, zonsezo tsiku limodzi. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinasankha kukonza zinthu mwakachetechete.

4

Kwathu aliyense amadziwa, kapena amaganiza kuti amadziwa, kuti mankhwala a mafupa ndi pacha: mang'ina a nkhumba owiritsa tsiku lonse ndi adyo, mpaka msuzi wake ukazizira umagwirana n'kumanjenjemera m'mbale. Ine wopita kusukulu ndinkadziwa bwino kuti zimene wadya sizipita kukamata bondo. Koma munthu wolakwa amakhulupirira chilichonse. Wophika pacha kuposa aliyense m'tauni yathu ndi amayi anga, choncho ndinawanamiza kuti pali wodwala wathu wina wopanda abale amene akufunika kumuthandiza.

"Wamwamuna kapena wamkazi?" anafunsa.

"Wodwala basi, amayi."

"Adyo amamukonda?"

"Kwambiri," ndinayankha, mofulumira kuposa mmene ndikanayenera.

Amayi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kutenga chikwama kupita kwa wogulitsa nyama.

Kuyambira Juni, Yavor ankadya pacha katatu pa sabata, kenako kasanu. Ndinawonjezera tchizi, mazira ndi banitsa ya mafuta, poti wodwala afunika mphamvu. Iye anali m'paradaiso. Ankati mkazi aliyense akhoza kunena kuti ndimakukonda, koma wonyamula mphika wa mang'ina kudutsa kuseri kwa tchalitchi mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, ndi mmodzi yekha padziko lonse. Mphikawo ankaubweza ataukwecha mpaka kuwala.

Ndikafika ndinkayeza bondo lake ndi tepi ya telala n'kulemba m'kabuku. Kenako ndinkaika khutu pabondopo n'kumuuza kuti alipinde pang'onopang'ono. Iye ankayesa masewera achikondi.

"Likuti chiyani lero?"

"Takhala chete iwe, ndikumvetsera."

"Likuti mwini wake akufuna kukukwatira. Wamva? Ndatopa ndi moni wako wa pamsika uja."

Munali mu Seputembala. Mkazi wina aliyense akanadumpha mpaka kudenga. Ine ndinali khutu lili pabondo limene ndinkakhulupirira kuti ndalipha, ndipo ndinangoti tidikire Januwale. Yavor anautenga ngati mpikisano. Anati chabwino, pa 6 Januwale adzavina ndi mbendera, adzatuluka m'madzi, adzakwera pamlatho akudontha, n'kukandipempha kwa amayi tauni yonse ikuona. Anandifunsa ngati bondo likupola bwino, poti ine ndiye namwino. Ndinamuuza kuti likupola bwino kwambiri.

Kuntchito nako kunali zinthu zachilendo zimene ndinalibe mutu woziganizira. Chiyambire Epulo dzina langa silinaikidwenso pa zosakaniza mankhwala, nthawi zonse anali Ginka. Dokotala wogonetsa odwala uja akangondiona m'khonde ankayamba kung'ung'udza kanyimbo ka paukwati. Ndinkangoti bambowa ukalamba wayamba kuwasokoneza.

Mu Novembala bondo linatupa. Likamapindika linkalira, ndipo Yavor anavomera kuti limamupweteka akamatsika masitepe. Ndinawerenga miyezi ndi zala, n'kupeza kuti zonse zikuyenda monga dokotala ananenera mu Meyi. Ndinadzitsekera m'bafa n'kulira mpaka maso kutupa. Nditatuluka ndinawauza amayi kuti wodwala uja wafooka, aziphika miphika iwiri.

5

Pakati pa Disembala Yavor anabwera kuchipatala kudzajambulitsa bondo, kuti dokotala anene ngati angalowe mumtsinje. Ndinapeza chifukwa cholowera m'chipinda chopimira, ndinanyamula mafailo amene palibe anawaitanitsa. Yavor anali pabedi, buluku atalipinda, akundiyang'ana ngati sakundidziwa, monga tinazolowera. Dokotala Balabanova anayang'ana zithunzi za bondolo pakompyuta nthawi yaitali. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Bondo ili wina walichita nkhanza," anatero.

Mafailo anandipulumuka n'kumwazika pansi.

"Ndine, adokotala," ndinatero, ndipo mawu anangotuluka okha. "Ndinathira timabotolo tinayi m'kathumba kamodzi. Munthu uyu ndi wanga, ndinabisa, ndinalowa mu opaleshoni yake ndikudziwa kuti n'zoletsedwa. Ndinkaopa mafinya. Yavor, chicherewechere chako ndachipha ine. Sudzavinanso."

Yavor anadzuka n'kukhala tsonga. Nkhope imene anandiyang'ana nayo ndinali ndisanaionepo.

"Wakhala ukudziwa kuyambira liti?"

"Meyi."

"Ndipo unkandiuza kuti likupola bwino kwambiri."

Sanakweze mawu. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Dokotala anatsegula kabati ya patebulo lake, anatulutsa kathumba ka pulasitiki n'kukaika patsogolo panga. Munali timabotolo tinayi topanda kanthu, ndipo pakathumbapo panalembedwa tsiku la opaleshoni ya Yavor.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyang'ana mu bini ndisanayang'ane wodwala," anatero, ndipo aka kanali koyamba kundinena iwe. "Ukuganiza kuti kamsomali ka nambala naini ndinkakafuna? Utangotuluka tinataya kambale kako. Ginka anabweretsa kena, tinasakaniza kabotolo kamodzi. Mankhwala ako sanalikhudze bondo ili."

Ndinakhala pansi pomwepo, pamwamba pa mafailo. Nditapeza mpweya ndinafunsa kuti nanga za ine ndi Yavor anazidziwa bwanji, poti sanaoneke odabwa.

"Ameneyu? Utangotseka chitseko anayamba kuyimba. Anatiuza dzina lako, za kuseri kwa fakitale, za kadontho kamene uli nako paphewa, ndiponso kuti amayi ako amamutcha uja. Wogonetsa anatsala pang'ono kugwa pampando."

Yavor anafiira mpaka m'makutu. Sankakumbukira kalikonse. Ndiye kuti miyezi yonseyi ine ndinkayenda m'makonde ndi nkhope ya mbeta youma mtima, anzanga onse akudziwa za phewa langa.

"Nanga nkhanza mwanena zija?" anafunsa Yavor.

Dokotala analoza sikelo imene inali pakona n'kumuuza kuti akwere. Anali atawonjezera makilo khumi ndi anayi. Anatitembenuzira kompyuta n'kutionetsa kamzere kosalala kokuta fupa, kopanda chibowo ngakhale chimodzi, n'kunena kuti chicherewechere chili bwino ndipo kachingwe kagwira. Koma bondo longopola kumene, anatero, wina walisenzetsa mwana wa nkhosa wathunthu, ndipo mwini wake wakhala akuvinira pasimenti mobisa nthawi isanakwane. Yavor anayang'ana pansi n'kuvomera kuti ankayeserera m'fakitale nthawi ya nkhomaliro.

"Akudya chiyani munthu ameneyu?"

"Pacha," anayankha Yavor ndi kamawu kakang'ono. "Kasanu pa sabata. Masiku ano kawiri pa tsiku."

Dokotala Balabanova anandiyang'ana, anayang'ana timabotolo, anayang'ana mimba ya Yavor, ndipo anaseka. Anaseka mpaka kugwira tebulo, moti Ginka anasuzumira pakhomo kuti aone ngati wina wakomoka.

Kuseka kutatha anamuuza Yavor kuti akadikire panja. Anandiuza kuti lipoti analilemba tsiku lomwelo la opaleshoni n'kulipereka kwa mkulu wa anamwino, ndipo n'chifukwa chake sindinakhudzenso mankhwala. Chimene ankadikira chinali pakamwa panga.

"Ndinkafuna kudziwa ngati ndiwe munthu amene angaone mnzake akuyenda ndi bondo lowonongeka n'kukhala chete kuti asunge ntchito. Mu Meyi ndinachita kukutchulira nambala. Watenga miyezi isanu ndi iwiri, Nevena. Ndi yambiri. Bondolo likanakhala lowonongekadi, miyezi imeneyo ikanakhala yotayika kwa iye, osati kwa iwe."

Anandichotsa m'chipinda cha opaleshoni kwa miyezi isanu ndi umodzi n'kunditumiza kokamanga anthu pulasitala. Anawonjezera kuti phunziro la timadontho tofiira chaka chamawa ndidzaphunzitsa ndine, ndi timabotolo tanga patebulo. Sindinatsutse, chifukwa anandichitira chifundo.

M'basi yobwerera kwathu Yavor anakhala mpando wina. Sanandinyemere kalikonse.

6

Nditafika kunyumba ndinawapeza amayi akusenda adyo, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira basi yamvula ija mpaka sikelo. Ndinadikira kuti denga ligwe. Amayi anapitiriza kusenda.

"Ndiye mang'ina ndisiye kugula?"

"Munkadziwa?"

"Mwana wanga, jekete lako linkanunkhira maluwa mu Novembala. Mu Novembala, chisanu chitayamba kale, maluwa amachokera kuti? Ndipo chogwirira cha mphika wanga chinali chogwedera. Wodwala wako wopanda abale anachimanga ndi waya, mfundo yake yomweyo imene uja anamangira geti lathu nthawi ya Radostina."

Ndinawafunsa kuti nanga ankaphikiranji. Anati munthu amene amamaliza mphika wawo wonse n'kuukwecha sangakhale woipa kwenikweni. Kenako anasiya mpeni, n'kunena chapansipansi kuti Radostina ndi mwana wawo koma anachita zopusa, ndipo iwo ankangofuna munthu wokhala pafupi woti azimukwiyira, poti Spain ndi kutali. Aka kanali koyamba kuwamva akunena zimenezi.

Yavor sanandilankhule milungu itatu. Ndinkamva kwa anthu kuti akudya kabichi yekhayekha ndipo akuchita masewera olimbitsa mwendo amene anapatsidwa kuchipatala. Anatsitsa makilo asanu, kutupa kunaphwa, ndipo dokotala anamulola kulowa m'madzi atamanga bondo, kwa mphindi khumi zokha. Pa 5 Januwale masana ananditumizira uthenga wa mawu awiri: "Ubwere pamlatho." Sindinadziwe ngati akundiitanira ukwati kapena kudzandisiya tauni yonse ikuona, ndipo ndinkaona kuti zonse ziwiri zikundiyenera.

M'mawa mwake kunazizira moti mpweya unkaoneka. Wansembe anaponya mtanda, ng'oma zinalira, amuna analowa m'madzi. Bambo ake anamupatsa Yavor mbendera, anamupsompsona pamphumi, n'kupita kumapeto kwa mzere. Anthu ankayang'ana mbendera, ine ndinkayang'ana pamene bondo lakumanja linamira, ndikuwerenga sitepe iliyonse. Amayi anandiuza kuti ndisiye kuwatsina. Mphindi khumi zitakwana ndendende, Yavor anapereka mbendera kwa womutsatira, anatuluka m'madzi, n'kukwera masitepe a pamlatho osatsimphina ngakhale pang'ono. Anthu anapatuka. Anadzaima pamaso pa amayi akudontha, milomo ili yabuluu, mano akugundana.

"Amayi," anatero, "ndine uja."

"Ndikukuona," anayankha amayi. "Wawonda." Anamufunditsa bulangete lawo.

Kenako Yavor anatembenukira kwa ine. Anati za timabotolo tinayi anandikhululukira tsiku lomwelo m'basi, chifukwa palibe munthu wina amene anamuopera mafinya chotero. Chimene chinamutengera milungu itatu chinali Meyi mpaka Disembala.

"Ndikukwatira, Nevena, koma chilichonse ukachita, ngakhale chopusa chotani, uzindiuza tsiku lomwelo. Ndipo chakudya, chipande chimodzi."

"Zachiwirizo tikambirana," anatero amayi.

Ine ndinavomera zonse ziwiri ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo ndinamukumbatira ndi zovala zake zonyowazo mpaka ndinadwala chimfine sabata yathunthu.

7

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikudziwa kuti ambiri mwandiseka, ndipo sekani ndithu, nanenso ndimadziseka. Koma mukatha kuseka mudzifunse ngati mulibe munthu amene mukumuthirira timabotolo tinayi, kaya ndi mwana, mwamuna kapena kholo, n'kumati ndi chikondi. Ine ndinkayesa kuti chinthu chabwino chikachuluka chimangokhala chabwino kwambiri. Muyezo uja anauika anthu amene anaona timadontho tofiira ndi maso awo, ndipo mtima wanga, ngakhale unali wodzaza chotani, sunali wanzeru kuposa iwo. Bondo la Yavor analipulumutsa ndi mayi wosaseka amene amayang'ana mu bini. Ine ndinangochita mwayi, ndipo mwayi woterewu sugwera aliyense.

Chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero si timabotolo ayi. Ndi tsiku lija la mu Seputembala, khutu langa lili pabondo lake, iye akundifunsa ngati likupola, ine n'kumunamiza akundiyang'ana m'maso. Ngati muli ndi chanu chimene mwachikhalira, kachineneni lero, mwini wake akadali ndi nthawi yochitapo kanthu.

Tinakwatirana mu Juni, maluwa ali pachimake. Mphatso ya Dokotala Balabanova inali kathumba ka pulasitiki kaja, atakamanga ndi riboni. Timabotoloto tili pawindo la kukhitchini kwanga, pamwamba penipeni pa chitofu, kuti ndizitiona ndikamapakula. Dzulo ndinamuikira Yavor chipande chimodzi cha nyemba monga tinapangana. Ndinayang'ana mbaleyo, inandimvetsa chisoni, ndipo iye atatembenuka kuti atenge buledi ndinawonjezera theka.

Ndinamuuza asanakhale n'komwe pansi.